Kam wa m'filimu ndi kachewere wa ku Dedza: mafunso ndi mayankho pa nkhani yosintha majini

M'nyumba zoonetsera mafilimu za pa Dedza boma, pa Chimbiya, pa Linthipe ndi m'misika ina ya m'mbali mwa msewu wa M1, komanso m'mafoni a achinyamata, muli mtundu wina wa filimu umene sutha fasho. Ndi wa munthu wopangidwa ndi asayansi kuti akhale chida chankhondo: wamphamvu kuposa amuna khumi, wosamva ululu, wopanda mayi. Anthu ambiri anayamba kumva za kusintha majini kumeneko, womasulira filimu akufotokoza m'Chichewa, asanazimve kwa mlangizi wa zaulimi kapena kwa dokotala. Choncho nkhaniyi ikafika pa mbewu kapena pa katemera, imapeza mantha atakhala kale pampando. Mfundo imene ndikutsata m'mayankho ali m'munsiwa ndi imodzi. Mafilimu otere amanama pa zimene sayansi ingathe kuchita, koma amanena zoona pa funso la amene ali mwini wa chamoyo chopangidwacho, ndipo funso lachiwirili ndilo liyenera kumutanganitsa mlimi wa m'tsinde mwa Phiri la Dedza.

Kodi filimu yake ndi yotani, ndipo imanena chiyani?

Chitsanzo chabwino ndi Chameleon, filimu imene inapangidwira wailesi yakanema ya UPN ku America n'kuonetsedwa koyamba mu 1998. Anaitsogolera ndi Stuart Cooper, ndipo Bobbie Phillips anasewera ngati Kam, kazitape wamkazi wa m'chaka cha 2028. Kam sanabadwe monga anthu abadwira. Anamupanga m'labotale posakaniza majini a munthu ndi a nyama, ndipo kwa bilimankhwe anatengako luso losintha khungu mpaka kusaoneka pamalo pamene waima. Omupangawo ankafuna wantchito wopha mosafunsa chifukwa. Zinthu zinatembenuka pamene ntchito ina inamukumanitsa ndi kamnyamata kosowa wokateteza. M'malo momvera abwana ake, Kam anayamba kukasamala monga mayi asamalira mwana. Filimuyi inatsatiridwa ndi zina ziwiri, mu 1999 ndi mu 2000.

Nthanoyi ndi yakale kuposa wailesi yakanema. Mary Shelley anatulutsa buku la Frankenstein mu 1818, H. G. Wells anatulutsa The Island of Doctor Moreau mu 1896, lonena za dokotala wofuna kusandutsa nyama kukhala anthu, ndipo filimu ya Blade Runner ya mu 1982 ndi sewero la pakanema la Dark Angel, limene linayamba mu 2000, zinayenda m'njira yomweyo. Woonera mwachidwi aona kuti m'nkhani zonsezi woipa kawirikawiri sakhala wopangidwayo. Woipa amakhala amene wasunga makiyi a labotale, amene amawerengera chamoyo pamodzi ndi katundu wake wina. Tikumbukire zimenezi, chifukwa ndi pamene filimu ikugwira mfundo yeniyeni.

Kodi majini n'chiyani, ndipo kuwasintha n'kutani?

Thupi la chamoyo chilichonse, kaya munthu, mbuzi kapena kachewere, linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa maselo muli DNA, imene imasunga malangizo a kakulidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupilo. Jini ndi kachidutswa ka DNA kamene nthawi zambiri kamauza selo kupanga puloteni ya mtundu wakutiwakuti. Munthu ali ndi majini otere pafupifupi 20,000, ndipo ntchito yaikulu yowerenga DNA ya munthu inalengezedwa kuti yatha mu 2003.

Kusintha chibadwa cha mbewu ndi ziweto sikunayambe dzulo. Mayi amene amapatula ngala zazikulu za chimanga n'kuzipachika pautsi kuti adzabzale chaka chamawa akusankha majini, ngakhale sawaona. Chatsopano chinabwera mu 1973, pamene Stanley Cohen ndi Herbert Boyer ku America anakwanitsa kudula kachidutswa ka DNA n'kukalowetsa m'kachilombo ka bakiteriya. Mu 1982 insulin yopangidwa ndi mabakiteriya opatsidwa jini ya munthu inaloledwa kuperekedwa kwa odwala matenda a shuga. Mu 2012 Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anafotokoza njira ya CRISPR, yodulira DNA pamalo enieni amene wasayansi wasankha, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Zimene zatheka m'zaka zonsezi ndi kusuntha kapena kukonza jini imodzi, ziwiri kapena zingapo, zimene ntchito yake ikudziwika bwino. Apa ndi pamene sayansi ndi filimu zikupatukana.

Kodi munthu angapatsidwedi mphamvu za bilimankhwe?

Ayi, ndipo chifukwa chake si kusowa ndalama kapena makina. Bilimankhwe alibe jini imodzi yosinthira mtundu imene munthu angaitole n'kuisamutsa. Akatswiri a pa yunivesite ya Geneva anaonetsa mu 2015 kuti m'khungu la mtundu wina wa bilimankhwe muli maselo okhala ndi timiyala tonyezimira tosaoneka ndi maso, ndipo timiyalato tikatalikirana kapena kuyandikirana, kuwala kumabwerera ndi mtundu wina. Maselo amenewa amagwira ntchito limodzi ndi ena osunga utoto, komanso ndi mitsempha ndi ubongo wa nyamayo. Zonsezi zimayalidwa mwana wa bilimankhwe akukula m'mimba kapena m'dzira, motsogozedwa ndi majini ambirimbiri amene amayaka ndi kuzima pa nthawi yake. Majini amagwira ntchito ngati ng'oma za gule: mutatenga mbalule yokha n'kukaiika pakati pa kwaya ya kutchalitchi, simupeza gule, mupeza phokoso. Komanso bilimankhwe weniweni sasowa m'maso. Amasintha mtundu makamaka poopseza mnzake, pofuna mkazi kapena pofuna kutenthedwa ndi dzuwa.

Ngakhale zinthu zooneka zosavuta m'thupi la munthu n'zolukanalukana. Kafukufuku wa mu 2022, amene anaunika anthu oposa 5 miliyoni, anapeza malo oposa 12,000 a mu DNA okhudza msinkhu wokha. Nanga kulimba mtima, nzeru, kumvera? Palibe jini ya kumvera abwana. Khalidwe limaumbidwa ndi chibadwa pamodzi ndi maleredwe, chakudya, matenda ndi anthu amene mwana wakula nawo. Taonaninso kumene sayansi yosakaniza munthu ndi nyama yafika. Mu Malichi 2024 madokotala a ku Boston anaika impso ya nkhumba mwa munthu wamoyo, ndipo kuti thupi lisaikane msanga, DNA ya nkhumbayo inakonzedwa malo 69. Wodwalayo anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi iwiri. Ngati chiwalo chimodzi chimafuna ntchito yotere, kazitape wosintha khungu ndi maloto a wolemba filimu.

Nanga si zoona kuti ana osinthidwa majini anabadwa kale?

N'zoona, ndipo wotsutsa amene akukumbutsa zimenezi sakulakwa. Mu Novembala 2018 wasayansi wa ku China, He Jiankui, analengeza kuti kwabadwa ana amapasa aakazi amene iye anawasintha jini yotchedwa CCR5 ali miluza, pofuna kuti asadzatenge kachilombo ka HIV. Asayansi a dziko lonse anamudzudzula, ndipo mu Disembala 2019 khoti la ku Shenzhen linamulamula kukhala m'ndende zaka zitatu. Koma nkhaniyi ikayang'anidwa bwino, ikulimbikitsa mfundo yanga. He Jiankui analimbana ndi jini imodzi yokha, yodziwika bwino, koma zimene akatswiri anaona m'zolemba zake zinasonyeza kuti kusinthako sikunatuluke monga ankafunira. Ana aja sanapatsidwe mphamvu yodabwitsa. Anasenzetsedwa chiopsezo chimene sanachisankhe, pa matenda amene ali ndi njira zina zodalirika zowapewera. Choopsa pa nkhaniyi chinali munthu wofuna kutchuka amene anazemba malamulo.

Kumbali ina, kukonza majini kwachiritsa anthu. Mu Novembala 2023 dziko la Britain linavomereza mankhwala otchedwa Casgevy a matenda a sickle cell, ndipo America inatsatira mwezi wotsatira. Madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwala, n'kuwakonza ndi CRISPR, kenako n'kuwabwezera m'thupi. Kusinthako kumathera mwa wodwalayo, sikupita kwa ana ake. Njirayi inadutsa m'zowawa: mu 1999 mnyamata wa zaka 18, Jesse Gelsinger, anamwalira ku America ali pa kafukufuku wa chithandizo cha majini, ndipo imfa yake inachititsa kuti malamulo oyendetsera kafukufuku akhwimitsidwe. Choncho zoopsa zilipo, koma maonekedwe ake ndi ena. Ndi kulakwitsa, kufulumira ndi kubisa, osati msilikali wothyola khoma.

Kodi kuno ku Malawi sayansi imeneyi inafika?

Inafika kale, ndipo khomo limodzi limene inalowera ndi njala ya mu 2002. Chimanga chambiri chathandizo chinali chochokera ku America, kumene alimi ankalima kale mbewu zosinthidwa majini, zotchedwa GMO. Pulezidenti Levy Mwanawasa wa Zambia anachikana n'kuchitcha poizoni. Boma la Bakili Muluzi linachilandira koma linafuna kuti chigayidwe, kuopa kuti anthu angachibzale. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyang'anira zamoyo zosinthidwa majini, ndipo ndondomeko zake zinatuluka mu 2007. Mu 2013 thonje la Bt, lodziteteza ku mbozi, linayamba kuyesedwa m'munda wotchingidwa ku Bunda, ndipo pofika mu 2019 linali litaloledwa kulimidwa ndi alimi. Khobwe ndi chimanga cholimbana ndi ntchemberezandonda zayesedwanso ku Bunda komweko, ndipo nthochi zinayesedwa ku Bvumbwe.

Khomo lina ndi la chipatala, ndipo ambiri sadziwa kuti analowapo. Katemera wa matenda a chiwindi a Hepatitis B, amene ali m'gulu la akatemera a ana a kusikelo, amapangidwa ndi yisiti yosinthidwa majini. Chimodzimodzinso katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi inali dziko loyamba kuyamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019. Insulin imene odwala shuga amabaya masiku ano imapangidwa mwa njira yomweyi.

Pali chisokonezo china chofunika kuchikonza. Chimanga cha hayibulidi si GMO. MH18, imene inatuluka ku Chitedze mu 1990, inapangidwa pokwatitsa mitundu ya chimanga yokhayokha. Mbewu za m'sitolo zotchedwa Kanyani, Mkango ndi Njobvu zilibe chilichonse cha nyama zimenezo m'kati mwake, mayinawo amangothandiza mlimi kukumbukira yocha msanga ndi yochedwa. Mbatata yofiira m'kati, chimanga cha olenji ndi nkhuku zoyera za nyama, zonsezi zinatuluka mwa kusankha ndi kukwatitsa. Kachewere wa Violet ndi Rosita amene amaunjikidwa pa Bembeke ndi pa Lizulu nayenso si GMO.

Kodi kudya chakudya cha GMO kungasinthe thupi la munthu kapena kumulepheretsa kubereka?

Chakudya chilichonse chochokera ku chamoyo chili ndi DNA, ndipo m'mimba imagayidwa monga zina zonse. Takhala tikudya mbewa, ziwala ndi nkhuku kuyambira kalekale, koma palibe anamerapo mapiko. Jini yoikidwa m'chimanga silowa m'chibadwa cha wodya. Funso loyenera ndi lakuti puloteni imene jiniyo ikupanga ingavulaze munthu kapena ayi. Puloteni ya Bt imachokera ku bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Bacillus thuringiensis. Imagwira m'matumbo a mbozi, mmene muli malo oti ikakamirepo, ndipo matumbo a munthu alibe malo oterowo. Alimi a m'mayiko ambiri anayamba kupopera bakiteriya ameneyu m'minda zaka zambiri GMO isanabwere.

Umboni waukulu uli pafupi nafe. South Africa yakhala ikulima chimanga cha GMO kuyambira mu 1998, ndipo lero chimanga chambiri cha m'dzikolo n'choterocho. Abale athu a ku Joni akhala akudya nsima ya ufa umenewo kwa zaka zoposa 20, ndipo akubereka ana monga anthu onse. Mu 2016 bungwe la National Academies of Sciences la ku America, litaunika kafukufuku pafupifupi 900, silinapeze umboni woti mbewu za GMO zimene zili pamsika n'zoopsa pa thanzi kuposa mbewu zina. Wotsutsa angatchule zithunzi za makoswe otupa zimene zinafala mu 2012, zochokera pa kafukufuku wa Gilles-Éric Séralini wa ku France. Magazini imene inasindikiza kafukufukuyo inamuchotsa mu 2013, ponena kuti makoswe anali ochepa kwambiri ndiponso a mtundu umene umatupa wokha ukamakalamba. Komabe izi sizikutanthauza kuti chilichonse chotuluka m'labotale n'chabwino. Mbewu iliyonse iyenera kupimidwa payokha, ndipo ndiyo ntchito ya lamulo la mu 2002 lija.

Ndiye filimu ikunena zoona pati?

Pa umwini. Kam ali ndi maganizo, ali ndi chifundo, koma omupanga amamutenga ngati chipangizo cha kampani. Kwa munthu, malamulo athu anatseka khomo limenelo: gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa ukapolo, ndipo gawo 19 limaletsa kuchita kafukufuku pa thupi la munthu iye asanavomere. Malamulo otere analembedwa chifukwa nkhanza zinachitikapo. Mu 1951 maselo a Henrietta Lacks, mayi wakuda wa ku America wodwala khansa, anatengedwa iye osadziwa, ndipo makampani anapindula nawo kwa zaka zambiri banja lake lili pa umphawi.

Pa mbewu khomolo n'lotsegula. Mu 1980 khoti lalikulu la ku America, pa mlandu wa Diamond ndi Chakrabarty, linagamula kuti chamoyo chosinthidwa ndi munthu chingakhale ndi mwini wake mwa lamulo. Mu 2013 khoti lomwelo linagamula kuti mlimi wa soya, Vernon Bowman, analakwira kampani ya Monsanto pobzala mbewu zokhala ndi jini ya kampaniyo popanda chilolezo. Malamulo a ku America sagwira ntchito ku Dedza, koma mtengo wa mbewu umagwira. Mbewu ya thonje la Bt ku Malawi ndi ya hayibulidi, yofuna kugula chaka ndi chaka, ndipo alimi a thonje akhala akudandaula za kudula kwake ngakhale amayamikira kuchepa kwa ntchito yopopera. Burkina Faso inayamba kulima thonje la Bt mu 2008 n'kulisiya mu 2016, chifukwa jini inaikidwa mu mtundu umene ulusi wake unatuluka waufupi, ndipo thonje la dzikolo linatsika mtengo pamsika. Ku India mbozi ina ya thonje inazolowera Bt, alimi n'kubwerera ku mankhwala atalipira kale mbewu yodula. Nawo mankhwala a Casgevy aja amagulitsidwa madola 2.2 miliyoni pa wodwala mmodzi ku America, pamene ana ambiri obadwa ndi sickle cell ali kuno ku Africa. Pa zitsanzo zonsezi jini inagwira ntchito imene inapatsidwa, ngakhale kuti ku India inagwira kwa kanthawi chabe. Vuto linali amene anasankha mtundu wa mbewu, amene anaika mtengo ndi amene anasenza chitayiko.

Zimenezi zikumukhudza bwanji mlimi wa kachewere wa ku Dedza?

Phiri la Dedza limafika mamita 2,198, ndipo tauni ya m'munsi mwake ili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,600. Kuzizira ndi chifunga zimene zimakometsa kachewere wa kuno ndi zomwenso chiwawu chimakonda. Matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa Phytophthora infestans, komwe kanaononga kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845 n'kubweretsa njala imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Mlimi wa ku Bembeke amalimbana nako popopera mankhwala mobwerezabwereza nyengo ya mvula, nthawi zambiri popanda zodzitetezera, ndipo amene alibe ndalama ya mankhwala amaona munda ukuda m'masiku ochepa.

Bungwe la International Potato Center, limene limagwiranso ntchito ku Malawi, mogwirizana ndi akatswiri a ku Uganda linaika majini atatu ochokera ku mitundu ya kachewere wakutchire wa ku America m'kachewere wotchedwa Victoria. Kuyambira mu 2015 mbewuyi inayesedwa ku Kachwekano, m'mapiri a kumwera chakumadzulo kwa Uganda, ndipo inapirira chiwawu popanda kupopera. Tsiku lina mbewu yotere ikhoza kugogoda pakhomo lathu. Mlimi akadzafunsa ngati kachewereyo adzamusandutse chilombo, adzakhala wataya mwayi wake wofunsa mafunso enieni. Kodi jiniyo yaikidwa mu mtundu umene ogula a ku Lilongwe ndi ophika tchipisi amaufuna? Kodi ndiloledwa kusunga mbewu, kugawira mlongo wanga ndi kugulitsa pamsika monga ndichitira lero? Adzachulukitsa mbewuyo ndani, pa mtengo wanji? Chiwawu chikadzazolowera, adzandiuza ndani? Mafunsowa ndi olemera kuno chifukwa kachewere amabzalidwa kuchokera ku kachewere mnzake, ndipo alimi ambiri amadalira mbewu yosunga okha kapena yogula kwa anansi. Komanso mbewu siimitsidwa ndi malire. Imayenda pakati pa Dedza ndi Angónia ku Mozambique pa njinga ndi pamutu, choncho chimene dziko limodzi lavomereza chidzapezeka m'minda ya dziko linalo.

Kodi si bwino kungokana zonse, monga inachitira Zambia, m'malo molanda ntchito ya Mulungu?

Okana ali ndi zifukwa zina zomveka. Mungu wa chimanga umauluka ndi mphepo, ndipo minda ya kuno ndi yaing'ono, yogundana. Chimanga cha GMO chikabzalidwa pafupi, chikhoza kukwatirana ndi chamakolo, chimene amayi amachikonda chifukwa chimakonoleka bwino ndipo sichifumbwa msanga m'nkhokwe. Ili ndi funso lenileni, lofuna ndondomeko yoteteza mbewu zamakolo ndi malo ozisungira. Koma yankho lake ndi kusiyanitsa mbewu ndi mbewu. Kachewere, amene sabzalidwa kuchokera ku njere, alibe vuto la mungu lofanana ndi la chimanga. Kukana zonse nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi mlimi amene akupopera mankhwala ali chifuwa pamtunda, ndi banja limene ntchemberezandonda zalidyera munda, monga zinachitikira mu 2017 pamene boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi.

Funso la chikhulupiriro liyenera kulemekezedwa, ndipo lili ndi mzere woona m'kati mwake: munthu asasandutsidwe chida cha munthu mnzake, ndipo mwana wosabadwa asayeserepo nzeru za wofuna kutchuka. Koma ngati kusintha chomera kuli kulanda ntchito ya Mlengi, ndiye kuti tinayamba kale. Chimanga chinaumbidwa ndi alimi a ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wa tinjere tochepa. Kachewere anachokera ku mapiri a Andes. Timamezanitsa mitengo ya zipatso, timakwatitsa ng'ombe zamakolo ndi za mkaka. Ngakhale chilengedwe chenichenicho chimasamutsa majini: mu 2015 akatswiri a yunivesite ya Ghent ndi a International Potato Center anapeza DNA ya bakiteriya m'mitundu yonse 291 ya mbatata yolimidwa imene anaipima, yolowamo yokha kalekale. Choncho malire a chabwino ndi choipa ali pa cholinga, pa chilolezo cha okhudzidwa ndi pa amene akupindula.

Koma filimu ndi yongosangalatsa. Bwanji kuivutitsa ndi mafunso onsewa?

Palibe cholakwa kusangalala ndi Kam akudumpha madenga. Vuto limabwera pamene filimu yakhala mphunzitsi yekhayo wa nkhani imene ikukhudza munda ndi thupi. Dziko lino likudziwa zimene mphekesera za sayansi yobisika zimabala. Mu 2002, chaka cha chimanga chathandizo chija, kunafala mbiri ya anamapopa, yoti magazi a anthu akusinthanitsidwa ndi chakudya. Mu 2017 mbiriyo inabukanso ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Mu Meyi 2021 boma linatentha katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene anatha mphamvu. Anafika nthawi yake itatsala pang'ono, koma mantha nawo anachedwetsa anthu kukabayitsa. Mphekesera zotere zimamera pamene anthu aona kuti zinthu zikuchitidwa pa iwo popanda kuuzidwa, ndipo kukayika kwawo sikuchokera ku umbuli wokha. Munda wozunguliridwa ndi waya, wokhala ndi mlonda pachipata, umabala nthano ngati eni ake salankhula ndi mudzi. Asayansi amene amaseka mantha a anthu m'malo mowayankha amathandiza filimu kupambana.

Tsono tichite chiyani?

A ku Bunda, a ku Chitedze, a pa siteshoni ya Bembeke ndi akuluakulu oyang'anira chilengedwe atulutse zotsatira za kafukufuku wawo m'Chichewa, pa wailesi za m'madera ndi m'misonkhano ya mafumu, atchule zabwino ndi zolephera zomwe, mbewu isanaloledwe. Aphungu a Nyumba ya Malamulo a ku Dedza aonetsetse kuti lamulo la ufulu wa opanga mbewu la mu 2018 ndi lamulo la mbewu la mu 2022 sizikufinya ufulu wa mlimi wamng'ono wosunga, kusinthana ndi kubzalanso mbewu yake. Aphunzitsi a sayansi atenge filimu ngati Chameleon n'kuifunsa mafunso pamodzi ndi ana m'kalasi, kuti ana adziwe kulekanitsa chotheka ndi chopeka. Ndipo inu alimi a m'makalabu a kachewere, safunsa anadya phula. Aliyense wobwera ndi mbewu yatsopano, kaya ya GMO kaya ya hayibulidi, mufunseni kuti inayesedwa kuti, mwini wake ndani, chaka chamawa mudzaigula pa mtengo wanji, ndipo mukaluza adzayankha ndani. Akakana kuyankha, musabzale.